Sajeni Swaleyi ndi Dzina la Bomba

Mizuli imene idauluka m'nyumba ya Yunusu ku Kadoma Lachisanu lija idali yoyera, yochapidwa bwino chifukwa cha swala ya Ijuma. Zipewa zimene a Swaleyi Chimbalanga ankakumbuka zidali za khaki, zopindika mbali imodzi, zonunkha thukuta, ndipo zidauluka pa kampu ya asilikali ku Ranchi, m'dziko la India, iwo akadali mnyamata wa mano onse. Chawo chidakwera mpaka kukakodwa mumtengo, nachita kuchitsitsa ndi nsungwi. Koma phokoso lidali limodzimodzi. Anthu akamasangalalira bomba amakuwa mofanana kulikonse.

Pa wailesi yakanema ankaonetsa phiri la ku Pakistan likunjenjemera, kenaka n'kuyera mbuu ngati lathiridwa phulusa. Wowerenga nkhani adati dzikolo layesa bomba la atomiki pansi pa phirilo. Amuna amene adaperekeza Yunusu kuchokera kumzikiti kuti adzaonere nawo adaimirira onse, nagwirana manja.

"Tsopano nafenso Asilamu tili nalo!" adakuwa Yunusu, mwana woyamba wa a Swaleyi, bambo wa imvi m'ndevu amene ankayendetsa basi ya ku Harare. "Atiputenso aone! Ababa, mwaona? Si paja inu nomwe bomba ndilo lidakubwezani kunkhondo?"

A Swaleyi adayang'ana mpando wa pafupi ndi chitseko, pamene akazi awo, Asiyatu, ankakonda kukhala akusankha mpunga m'lichero, kwinaku akudandaula kuti mpunga wa kuno ulibe fungo. Dzinja lapitalo adawaika m'dothi lofiira la ku Kadoma, kutali ndi madambo a ku Nkhotakota, kumene awiriwa adachoka ali achinyamata ati akagwire ntchito ya mumgodi pang'ono chabe, apeze njinga ndi makina osokera, abwerere. Njinga idabwera n'kutha, makina adachita dzimbiri, ana adakula akuyankhula Chishona, ulendo wa kwawo uli mawa, mawa. Akadakhalapo Asiyatu pa tsikuli, bwenzi atatsonya kamodzi kokha, mizuli yonse n'kubwerera kumitu.

Nkhani yoti Yunusu adatsala pang'ono kutchedwa Bomba idali nthabwala ya m'banjamo. Akaswa kapu ali mwana, mayi ake ankati, "Mwaona, a Sajeni? Mukadamutcha dzina lanu lija, nyumba ino ikadatsala?" Onse ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mbali yosaseketsa, ya mawu a Shehe Idrisa, palibe mwana adaifunsapo.

Zidachitika chonchi.

Chaka cha 1947, nyengo yokolola mpunga, Swaleyi adafika pamzikiti wa kwawo itangotha swala ya masana. Adavala jekete yake ya usilikali, mamendulo ali waliwali pachifuwa, nsapato zopukutidwa mpaka kuoneka nkhope. Pabwalo adapeza nkhalamba yowonda, ya mkanjo wa zigamba, ikusesa masamba a mango. Mlendo akadaipitirira n'kukafunsa kwina kumene kuli Shehe. Koma ameneyo ndiye adali Shehe Idrisa, amene adaphunzira zaka zambiri pachilumba cha Unguja, ndipo anthu ankayenda pansi kuchokera kutali kudzawatulira mafunso ovuta. Diso lawo limodzi lidachita ng'ala. Tsache sankalola kuti wina awalande, ati munthu amene amauza anzake zochita ayenera kukhala ndi ntchito imodzi yomuweramitsa.

"Asalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salamu, a Sajeni. Mamendulo onsewa lero? Kodi kukubwera Bwanamkubwa, ife osamva?"

"Ayi, a Shehe. Ndabwera ndi nkhani yaikulu, ndiye ndati ndivale moyenera."

"Mwachita bwino. Nanenso ndavala moyenera masambawa. Khalani apo pamthunzi. Mayi ndi mwana adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino, alihamdulilahi. Mawa mwana akutuluka. Mbuzi ziwiri za mwambo wa akika ndamanga kale. Ndadzakupemphani kuti mudzatizingire mbuzizo, mudzamete mwana, atchedwe dzina."

"Mulungu akalola ndifika. Dzina lake ndani?"

Swaleyi adawongola msana ngati ali pa perete. "Bomba."

Tsache lidaima. A Shehe adapendeketsa mutu, namuyang'ana ndi diso lopenyalo.

"Bomba," adabwereza mofatsa, ngati munthu wolawa chipatso chachilendo. "Mayi ake akuti bwanji?"

"Akungolira. Chiyambire dzana sakundiyankhula. Akuti bola Ramadani, poti nkhondo idatha m'mwezi wa Ramadani. Koma mwezi sudathetse nkhondo, a Shehe. Ramadani zina zidatipeza tili m'matope, n'kutisiya m'matope momwemo. Ine sindifuna kunamiza Mulungu. Ndidachita naziri."

Ndipo adafotokoza za lonjezo lakelo. M'chigwa cha Kabaw, ku Burma, mvula inkagwa osapumira, misundu ili m'nsapato, malungo akugwetsa amuna kuposa mfuti. Tsiku lina atabisala m'dzenje lodzaza madzi, zipolopolo za Ajapani zikuthothola masamba pamwamba pake, adalumbira kuti: Mbuye wanga, chilichonse chimene chidzathetse nkhondoyi n'kundibweza kwa Asiyatu ndili moyo, mwana wanga woyamba ndidzamutcha dzina lake. Iye ankaganiza kuti adzakhala mkulu wina wa nkhondo, wa dzina lomveka bwino. Atawachotsa ku Burma kukapuma ku Ranchi, mphekesera idafala yoti akwera sitima kukamenyanso ku Malaya, ndipo ngakhale azungu amene ankawalamula adasiya nthabwala. Kenaka mabomba awiri adagwa pa mizinda iwiri ya ku Japan, nkhondo n'kuzima ngati moto wothiridwa madzi.

"Tsono ndikufunseni, a Shehe, inu amene mudawerenga mabuku. Kodi mawu amene munthu walonjeza Mulungu amawameza?"

"Sawameza, ngati walonjeza chinthu chabwino."

"Nanga kuthetsa nkhondo si chinthu chabwino? Ndikadakwera sitima ija, lero bwenzi Asiyatu ali wamasiye, mwana uja kulibe. Ndipo si ine ndekha. Anthu zikwizikwi, a kwathu kuno, a ku Kenya, Amwenye, azungu, ngakhale asilikali a Chijapani amene, adabwerera kwa amayi awo chifukwa cha bombalo. Akunyumba akuti ndi dzina la imfa. Ine ndikuti ndi dzina la moyo. Tiweruzeni."

A Shehe adakhala pachitsa, tsache atalipingasa pamiyendo.

"Ine nkhondo sindidaione, a Sajeni. Inu mudaiona. Lero mwalimu ndinu, mundiphunzitse. M'mizinda iwiriyo mudali yani?"

"Adani."

"Onse ovala yunifomu?"

"Asilikali adalimo. Mudalinso nyumba zopangira zida."

"Ndi ena?"

"Ndi ena. Mzinda ndi mzinda, a Shehe."

"Lidagwa nthawi yanji?"

Swaleyi adazengereza. Pa sitima yobwerera kwawo kaputeni wawo adawawerengera zimenezi m'nyuzipepala. "Loyambalo lidagwa m'mawa. Nthawi imene akulu amapita kuntchito, ana kusukulu."

"Lidasankha?"

"Bomba silisankha."

"Ndicho chikundivuta ine. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, potumiza ankhondo ankawaletsa kupha mkazi, mwana ndi nkhalamba. Amene adatsogolera pambuyo pake adaletsa ngakhale kudula mtengo wa zipatso. Msilikali amaloledwa kumenya amene wamunyamulira chida. Tsono chida chosatha kusiyanitsa msilikali ndi khanda, ine ndichidalitse bwanji?"

"Kunkhondo dokotala amadula mwendo kuti munthu akhale moyo. Ndidaziona ndi maso angawa. Palibe adamutcha dokotalayo woipa."

"Mwendo wa yani?"

"Wa wovulalayo."

"Eya. Mudaonapo dokotala akudula mwendo wa mwana wa mnansi kuti wovulala achire?"

Magazi adamukwera Swaleyi kumutu. Sadazolowere kubwezedwa mawu, iye amene amuna makumi ankaima chilili akangotsokomola.

"Malamulo anuwo ndi a nkhondo ya mikondo! Inu simudaone zimene Ajapani ankachita akapeza ovulala athu. Simudagone ndi fungo la anzanu m'mphuno." Adapumira, kenaka adanena mawu amene munthu sanena kwa mkulu wake. "Yunusu ndidamuika ndi manja angawa."

Yunusu ameneyu adali mwana wamwamuna yekhayo wa a Shehe. Adalembetsa usilikali tsiku limodzi ndi Swaleyi, adakwera lole imodzi, ndipo adatsala ku Kabaw.

"Ndidamukulunga m'bulangete, nsalu ya sanda kudalibe. Mbali ya ku Maka ndidachita kuyerekeza, poti dzuwa silinkaoneka. Bombalo likadagwa chaka chimodzi m'mbuyo, tsache limenelo bwenzi lili m'manja mwa Yunusu, inu mutakhala pamthunzi. Nenani tsopano kuti n'loipa."

 Kumadambo kunkamveka amayi akuimba popuntha mpunga. Msozi udatsika kuchokera m'diso lopenya lija n'kulowa m'ndevu, ndipo a Shehe sadaupukute.

"Mwalasa pabala, mwana wanga," adatero patapita nthawi. "Koma funso limenelo simudabwere nalo ndinu. Limandipeza lokha pamkeka wa swala n'kundiiwalitsa pamene ndafika. Akadabwera kwa ine chaka chimenecho n'kunena kuti, Idrisa, vomera mzinda upse mwana wako abwere, ndimaopa chimene pakamwa panga pakadanena. N'chifukwa chake ndimayamika kuti Mulungu sadasiye lamulo m'manja mwa bambo wofedwa, kapena m'manja mwa msilikali amene ali m'dzenje. Lamulo lidaikidwira tsiku lomwelo limene mtima ukulikana."

Swaleyi adagwetsa nkhope, manyazi atamugwira, koma mawu ake sadabweze.

"Naziri yanga ili pomwepo, a Shehe."

"Ndamva. Mawa ndibwera. Dzina ndi la bambo, ine sindikuletsani. Koma mukudziwa mmene timachitira kuno. Mwana akamatenga dzina la wina, amanong'onezedwa kukhutu kuti mwini dzinalo adali yani, adachita zotani, n'kumaliza ndi mawu akuti, ukhale ngati iyeyo. Nthawi zonse ndimanong'oneza ndine, poti maina ambiri ndi a aneneri ndi a makolo amene ndimawadziwa. Uyu sindimudziwa. Mumamudziwa ndinu. Mudzanong'oneza ndinu."

"Zomwezo basi?"

"Zomwezo."

Swaleyi adabwerera kunyumba akuimba mluzu, poganiza kuti mlandu wamukomera. Adaima pakhomo la nyumba imene mudali mkazi wake ndi khanda.

"A Shehe avomera," adalengeza.

Mkati mudamveka mawu a Asiyatu, osasa chifukwa cha kulira. "Ndiye muzidzamuitana nokha. Ine ndizidzangoti iwe. Ndidamubereka ndi ululu wonse uja kuti anzake azidzathawa akamva dzina lake?"

"Ukadakhala wamasiye lero, iwe mkazi."

"Ndikudziwa, bambo. Usiku uliwonse ndinkakupemphererani. Koma ine sindidapemphe kuti akazi anzanga apse."

M'mawa mwake pabwalo padadzaza anthu. Mbuzi ziwiri zija zidazingidwa, mpunga watsopano unkanunkhira mpaka kumsewu, utsi wa lubani ukutuluka pakhomo. Asiyatu adakhala pamphasa pafupi ndi chitseko, maso otupa, mpango utafika pamphumi. A Shehe adalandira mwana, namumeta pang'onopang'ono ndi lumo, katsitsi kakugwera m'mbale yamadzi. Atatha adamukulunga m'nsalu yoyera nampereka kwa bambo ake.

"Bisimilahi. Muuzeni, a Sajeni."

Swaleyi adanyamulapo mfuti zolemera, adaberekapo anzake ovulala kuoloka nawo mitsinje, koma mwana wakeyu adali asadamunyamulepo. Adadabwa ndi kupepuka kwake. Pakamutu kometedwa kumeneko liwombo linkagunda poyera, khungu lokha litatchinga. Adawerama, pakamwa pafupi ndi khutu. 

"Mwana wanga," adayamba ndi mawu ake a pa perete, ongotsitsidwa pang'ono, "mwini dzina lako adachokera kumwamba. Adali ndi mphamvu zoposa asilikali onse a padziko. Adathetsa nkhondo yaikulu. Adabweza bambo ako kwa mayi ako. Tsono iwe..."

"Zonse, a Sajeni," adatero a Shehe chapansipansi, kuti amve iye yekha. "Mwana sanamizidwa pa tsiku la dzina lake. Adaithetsa bwanji?"

Swaleyi adaweramiranso kukhutu kwa mwana.

"Adafika m'mawa," adapitiriza. "Adapeza anthu akupita kuntchito. Adapeza ana ali panjira ya kusukulu. Adapeza nkhalamba zitakhala pamakomo."

 Pa sitima paja kaputeni adawerenganso kuti ambiri mitembo yawo sidapezeke n'komwe, adapita osasambitsidwa, opanda manda, ndi kuti ena amene adapulumuka tsikulo adayamba kuthothoka tsitsi n'kumwalira pambuyo pake. Nthawi imeneyo Swaleyi adazimva ngati nkhani ya kutali, maganizo ali kwa Asiyatu. Tsopano maso ake adagwera m'mbale ija, mmene katsitsi ka mwana wake kankayandama pamadzi.

"Adapeza amayi akuyamwitsa," adanong'ona. "Sadafunse kuti uyu ndani. Adawatentha onse."

Mwanayo atamva mpweya wofunda pakhutu adatembenuza kamutu, kakamwa kali yasa kufuna bere. Adapeza kansalu kopachikira mendulo, nayamba kukayamwa.

Padatsala mawu omaliza aja okha, akuti ukhale ngati iyeyo. Swaleyi adatsegula pakamwa, koma simudatuluke kanthu. Adayesanso. Kenaka adangokhala pansi pafumbi, jekete ndi mamendulo omwe, mwana ali pachifuwa. Sajeni amene sadalire poika Yunusu ku Kabaw adalira pamaso pa apongozi ake ndi mudzi wonse.

A Shehe adapinda mkanjo wawo nakhala naye pafumbi pomwepo.

"Ndiye ndikadafa ine?" adafunsa Swaleyi, mawu akudukaduka. "Ndiuzeni, a Shehe. Moyo ndili nawowu ndi wakuba? Mwanayu ndidamusinthanitsa ndi ana a eni ake? Nanga naziri yanga ndiitani?"

"Moyo wanu sudachokere ku bomba, a Sajeni. Udachokera kwa Mwini moyo, ndipo Iyeyo mumuyamike lero ndi mawa, mopanda manyazi. Pamene padapsa nyumba maungu amabereka kwambiri. Timadya maunguwo n'kuyamika Mulungu amene amameretsa ngakhale paphulusa. Koma simudamvepo mudzi ukuthokoza wotentha nyumba. Kaya akadafa angati bombalo likadapanda kugwa, ine sindidziwa, inu simudziwa, ngakhale amene adaliponya sadziwa. Zimene sizidachitike amazidziwa ndi Mulungu yekha. Koma amene adafa akudziwika, ndipo ana aja sadanyamulire munthu chida. Nkhondo ya akuluakulu siitsekedwa ndi mitembo ya ana. Za naziri musavutike nazo. Lonjezo lolemekeza choipa silikwaniritsidwa. Mudyetse osauka khumi, mudzakhala mwamasuka."

Adatambasula dzanja nasisita kamutu ka mwanayo ndi chala chimodzi.

"Koma chachikulu n'ichi. Pa tsiku la Kiyama, tsiku la chiweruzo, aliyense adzaitanidwa ndi dzina lake ndi la bambo ake, pamaso pa anthu onse amene adakhalapo padziko. Anthu a m'mizinda iwiri ija adzakhala ataima pomwepo, amayi ndi ana awo kumsana. Mngelo akadzaitana kuti, Bomba mwana wa Swaleyi, onse aja adzacheuka. Kodi mukufuna adzacheukire mwana wanu?"

Ku Kadoma alendo aja adamwa tiyi nabalalika, aliyense akukambabe za phiri. A Swaleyi adauza Yunusu kuti azimitse kanemayo, akhale pampando wa mayi ake. Adamufotokozera zonsezi kuyambira pa tsache mpaka pa funso lomaliza la a Shehe, mosafulumira, maso ali pa lichero limene lidali lopachikidwabe pamsomali.

Yunusu adatembenuzatembenuza mzuli m'manja mwake.

"Nanga dzina langali, Ababa? Mudalisankha ndinu?"

"Ine pakamwa padali patauma. Adalitchula ndi mayi ako, ali pamphasa paja. Adati, a Shehe, dzina la Yunusu lagona pansi lopanda wolinyamula, mutatibwereka. A Shehe adaphimba nkhope ndi mkono wa mkanjo, anthu n'kumadikira. Kenaka adakutenga m'manja mwanga nakunong'oneza okha. Ndidali pafupi, ndidamva. Adati mwini dzina lako ankatungira madzi nkhalamba za pamzikiti asadatumidwe, adapita kunkhondo, ndipo sadabwerere. Ine ndidaonjezera chimene iwo sankadziwa, kuti ku Kabaw adamwetsapo madzi Mjapani wovulala, ife tikumunyoza. Apo ndiye a Shehe adamaliza kuti, ukhale ngati iyeyo."

Yunusu adayang'ana kanema wozima uja, kenaka adayang'ana pansi.

"A Shehe adapita kale," adatero mkuluyo. "Manda awo sindidawaone, uthenga udatipeza kuno mvula itagwapo kale. Mayi ako ndi awo agona kuseri kwa njanji. Pa anthu onse adadya mpunga tsiku lija, mwina watsala ndine ndekha, ndipo nane mutu wayamba kutaya zinthu. Dzulo ndidaiwala dzina la dambo limene tinkalima. Ndiye ndikupempha, mwana wanga, upeze munthu wodziwa kulemba Chichewa cha kwathu, abwere ndisadatsikire kuli mayi ako. Ndimuuze mawu a Shehe Idrisa monga adawanenera, awalembe. Zidzukulu zako zikadzaona phiri lina likuyera, zisadzaponye mizuli m'mwamba zisadawerenge."